Kuyera kwa madzi si umboni wakuti ndi abwino

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo analankhula pa Nsanama, pamsonkhano wa mafumu, makomiti a mijigo, amakaniko a mijigo ndi alangizi a zaumoyo.

Ndikuthokoza kuti mwasiya makasu ndi malonda anu kudzamva nkhani ya madzi, imene ambiri tingaganize kuti tinaimaliza kale tsiku limene mjigo unakumbidwa m'mudzi mwathu.

Ntchito yanga ku khonsolo ndi yolemba ndi kufalitsa nkhani. Mjigo watsopano ukamaperekedwa kwa anthu, ine ndimakhalapo ndi kabuku kanga. Mafunso amene amafunsidwa pa tsiku lotere ndimawadziwa pamtima. Madzi akutuluka ambiri? Ndi okoma kapena ndi amchere? Chogwirira n'chofewa moti mwana angathe kupopa? Onsewa ndi mafunso oyenera. Koma pali funso lina limene sindinalimvepo pamwambo wotere: pepala losonyeza zimene anapeza atayeza madziwa lili kuti? Ndiulule pamaso panu kuti inenso sindinkalifunsa.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa m'mudzi wina kunoko. Anandiimitsa nati, "Achimwene, madzi a pamjigo wathu amatuluka oyera mbee, koma akagona mu ndowa, m'mawa mwake timawapeza atafiira, pansi pali timatope ngati ta katondo. Amawadetsa ndani usiku?" Ndinalibe yankho. Ndinapita kukafunsa anzathu a ku ofesi ya zamadzi, ndinawerenganso zimene akatswiri analemba, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndabwera nazo lero.

Nthawi zina kufiira kotere kumachokera ku zitsulo za mpope zimene zachita dzimbiri, ndipo amakaniko athu amadziwa kusiyanitsa. Koma kawirikawiri madziwo amakhala atachoka pansi ali kale ndi chitsulo chosungunuka, chimene maso sangachione. Akakumana ndi mpweya mu ndowa, chitsulocho chimasanduka dzimbiri n'kudikha pansi. Funso lenileni tsono ndi ili: chimasungunula chitsulo pansi pa nthaka n'chiyani? Yankho lake ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatchedwa mabakiteriya.

Tikamva mawu akuti mabakiteriya timaganiza za kolera ndi kutsegula m'mimba. Amene ndikunenawa ndi ena. Sadwalitsa munthu, ndipo akhala m'nthaka ndi m'mchenga wa pansi kuyambira kalekale, makolo athu asanafike m'dziko lino. Monga chamoyo chilichonse, amafuna kudya ndi kupuma. Chakudya chawo ndi zinthu zowola: mizu, masamba, udzu wa m'dambo umene unakwiririka ndi matope, ndowe, ndi zina zotero. Popuma, ambiri amagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni monga ife. Koma pansi pa dothi lamakande lodzaza madzi, okosijeni sachedwa kutha. Akatha, mitundu ina ya mabakiteriya, monga umene akatswiri amautcha Geobacter, imatembenukira ku dzimbiri limene lakuta timchenga, n'kuligwiritsa ntchito m'malo mwa mpweya. Potero dzimbirilo limasungunuka n'kulowa m'madzi.

Ntchito imeneyi mwaionapo ndi maso, ngakhale simunaipatse dzina. Dothi la kumtunda ndi lofiira chifukwa cha dzimbiri. Mukakumba m'dambo mumapeza dothi lotuwa kapena lakuda, chifukwa kumeneko mabakiteriya analidya kale dzimbirilo. Mukaona pamadzi odikha a m'dimba kanthu konyezimira ngati mafuta, ndi timatope tachikasu m'mbali mwake, n'chitsulo chomwecho chikubwerera kukhala dzimbiri chitakumana ndi mpweya.

Chitsulo m'madzi chimadetsa zovala, chimasintha mtundu wa nsima ndi tiyi, koma pachokha si choopsa kwenikweni. Vuto lili pa chinthu china chimene dzimbiri limasunga. M'miyala ndi m'dothi la padziko lonse muli tizidutswa ta poizoni wotchedwa aseniki. Palibe amene anamuthiramo, ndi wachilengedwe. Aseniki amamatirira kwambiri pa dzimbiri, ngati mbalame pa ulimbo, ndipo pamene ali chomatirira sangativulaze. Koma mabakiteriya akasungunula dzimbirilo, aseniki amamasuka. Palinso mabakiteriya ena amene amapumira aseniki yemweyo, n'kumusintha kuchoka ku mtundu wotchedwa arsenate, umene umagwidwa mosavuta ndi dothi, kupita ku mtundu wotchedwa arsenite, umene umayenda ndi madzi mosavuta ndiponso ndi woopsa koposa. Choncho mudzi ungakhale pa dothi limene aseniki wake si wochuluka kuposa wa kwina kulikonse, koma madzi ake n'kukhala ndi poizoni, chifukwa cha zimene tizilomboti tikuchita pansipo.

Aseniki alibe mtundu, alibe fungo, ndipo lilime silingamuzindikire. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Madzi akaphwera pamoto, iye amatsala momwemo. Kolorini amapha tizilombo ta kolera, koma aseniki samuchotsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 1993 kuti aseniki asapitirire mamaikulogalamu 10 mu lita imodzi ya madzi akumwa. Kuti timvetse kuchepa kwake, ndiko kunena galamu imodzi yokha mu zigubu 5,000 za malita 20. Munthu akamamwa madzi opitirira mlingo kwa zaka zisanu kapena kuposa, khungu limayamba mawangamawanga, zikhatho ndi kumapazi kumauma n'kuchita zinjerenjere zolimba. Pambuyo pake pamadza khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo ndi ya m'mapapo, matenda a mtima ndi a shuga. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo amavulala kwambiri. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo matenda awa amabwera mwakachetechete chomwecho.

Dziko limene linaphunzira zimenezi mowawa ndi Bangladesh, ku Asia. M'zaka za m'ma 1970 ana ambiri kumeneko ankafa ndi kolera ndi kutsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba kukumba mijigo, ndipo anthu nawonso anakumba yawo mpaka inakwana mamiliyoni. Imfa za ana zinachepa, aliyense anayamikira. Madzi ankayezedwa pa zinthu zina, koma osati aseniki, chifukwa panalibe amene ankamuyembekezera m'dothi la m'chigwa. Mu 1983 dokotala wa matenda a pakhungu, K.C. Saha, wa mumzinda wa Calcutta m'dziko loyandikana nalo la India, anazindikira kuti zilonda za odwala ake zinkachokera ku madzi a m'mijigo. Mu 1993 aseniki anapezekanso m'mijigo ya ku Chapai Nawabganj, mkati mwa Bangladesh. Kafukufuku wa British Geological Survey pamodzi ndi boma la dzikolo, amene anatuluka mu 2001, anasonyeza kuti anthu pafupifupi 57 miliyoni ankamwa madzi opitirira mlingo wa WHO. Chiwerengero chimenechi n'choposa kawiri anthu onse a m'Malawi muno. Ambiri mwa odwalawo ankasalidwa, anthu poganiza kuti ali ndi khate, ndipo amayi ena anathamangitsidwa m'mabanja.

Chimene chinkatulutsa poizoniyo chinatsimikizika bwino mu 2004. Akatswiri a ku yunivesite ya Manchester, ku England, anatenga matope a pansi pa nthaka ku West Bengal, n'kuwaika m'mabotolo opanda mpweya. Atawonjezeramo chakudya cha mabakiteriya, chitsulo chinasungunuka ndipo aseniki anatuluka wambiri. M'mabotolo amene tizilombo tinali titaphedwa kale ndi kutentha, zimenezi sizinachitike. Akatswiri ena a ku America, amene anafufuza ku Munshiganj m'dziko la Bangladesh, anapeza umboni wakuti madzi a m'maiwe okumbidwa ndi anthu amalowa pansi atanyamula zowola, ndiponso kuti kupopa kwambiri kwa ulimi wothirira kumasintha kayendedwe ka madzi a pansi. Phunziro lake n'lakuti zimene timachita pamwamba pa nthaka zingadyetse tizilombo timene tili pansi pake.

Tsopano ndibwerere kwathu, ndipo ndikupempha kuti apa mumvetsere bwino, kuti pasapezeke wina wokauza anthu kuti a khonsolo anena kuti m'mijigo muli poizoni. Sindinatero. Umboni umene ulipo ndi wolimbikitsa. Pakati pa 2014 ndi 2018, akatswiri a ku yunivesite ya Strathclyde, ku Scotland, pamodzi ndi anzawo a kuno anayeza malo 310 otungapo madzi a pansi m'Malawi muno, ndipo pafupifupi onse anali pansi pa mlingo wa WHO. Kumene anapeza aseniki wokwererapo kunali kufupi ndi akasupe a madzi otentha: mwa malo 15 otere, anayi anali pakati pa mamaikulogalamu 10 ndi 50. Kafukufuku wina kumpoto kwa dziko lino anayeza mijigo 25 ya m'chigwa, ndipo inayi inapitirira mlingowo pang'ono, kufika pafupifupi 15. Malawi si Bangladesh.

Komabe malo mazana atatu ndi ochepa poyerekeza ndi mijigo ndi zitsime zikwi makumimakumi zimene zili m'dziko muno. Ndipo maonekedwe a boma lathu akutipatsa zifukwa zokhalira tcheru. Kum'mawa kwathu kuli nyanja za Chiuta ndi Chilwa, zozunguliridwa ndi madambo ndi matope amene madzi akhala akuunjika kwa zaka zambiri pamodzi ndi udzu ndi bango zowola. Kumadzulo kuli chigwa cha Shire, chimene timagawana ndi abale athu a ku Balaka, ndipo kufupi ndi Liwonde kuli akasupe a madzi otentha. Dothi lotere, latsopano, lodzaza madzi ndi zowola, ndilo limene mabakiteriya osungunula dzimbiri amalikonda. Mijigo ya kumtunda, yolowa m'miyala yakale ya m'mapiri, kawirikawiri ilibe vuto limeneli. Chinanso chimene a ku Bangladesh anaona n'chakuti mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ingasiyane kutalitali, wina wabwino, wina woipa, malinga ndi kuya kwake ndi dothi limene wadutsa. Zotsatira za mjigo wa pasukulu sizinganene za mjigo wa pamzikiti. Uliwonse uyenera kuyezedwa pawokha.

Madzi ofiira aja a mayi uja sakutanthauza kuti muli aseniki. Akungotiuza kuti pansipo mpweya unatha ndipo mabakiteriya ali pa ntchito. Ndi mjigo wotere umene uyenera kukhala patsogolo pa mndandanda woyeza. Tisaiwalenso kuti nkhani ya zinthu zosaoneka m'madzi si yachilendo kwa ife. M'madera ena a Machinga ndi Balaka timaona ana a mano ofiirira, chifukwa cha mchere wa fluoride umene umachokera m'miyala. Nawonso sudziwika ndi maso mu ndowa. Umaonekera pa mano a mwana patapita zaka.

Choopsa chachikulu chimene chingatuluke m'mawu angawa ndi chakuti anthu athawe mijigo n'kubwerera ku mitsinje ndi ku zithaphwi. Tonse tikukumbukira kuti mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unatsimikizika koyamba pachipatala chathu chachikulu cha Machinga ku Liwonde, patangopita masabata ochepa chichitikire namondwe wa Ana. Unafalikira m'maboma onse a dziko lino, n'kupha anthu opitirira 1,700. Kolera amapha m'maola ochepa, ndipo za iye tili ndi manda otikumbutsa. Mjigo ukadali gwero labwino koposa la madzi m'midzi yathu. Pitirizani kumwa madzi a pamjigo, pitirizani kuthira kolorini ndi kusunga madzi m'ziwiya zovundikira. Chimene tikuwonjezera lero ndi kuyeza.

Pali nkhani ina yabwino. Tizilombo tomweti tili ndi abale awo amene amachita ntchito yobweza. Pamene pali mpweya, mitundu ina ya mabakiteriya imasandutsa chitsulo chosungunuka kukhalanso dzimbiri, ndipo dzimbiri latsopanolo limagwiranso aseniki. Ina imabweza arsenite kukhala arsenate, amene amagwidwa msanga. M'chigwa cha mtsinje wa Red River ku Vietnam, mabanja ambiri amadutsitsa madzi a pamjigo m'thanki ya mchenga. Cholinga chawo poyamba chinali kuchotsa chitsulo chodetsa zovala, koma akatswiri atayeza anapeza kuti masefa amenewa amachotsanso aseniki pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, makamaka pamene madziwo ali ndi chitsulo chambiri. Ku Bangladesh, boma linapaka utoto wobiriwira pamijigo yabwino ndi wofiira pa yoipa, kuti anthu amwe pa wobiriwira, achapire pa wofiira. Anapezanso kuti mijigo yakuya kupitirira mamita 150 kumeneko inali yabwino pafupifupi yonse. Vuto likadziwika, njira zilipo, ndipo zina ndi za mchenga ndi utoto chabe. Koma sefa kapena utoto sizingathandize munthu amene sanayeze.

Ndiye titani, ife amene tasonkhana pano?

Choyamba, kwa mafumu ndi makomiti. Mjigo watsopano usalandiridwe popanda pepala la zotsatira za kuyeza madzi. Lamulo la madzi la 2013, limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, linaika ntchito yokumba mijigo pansi pa ulamuliro wa boma, ndipo Malawi Bureau of Standards ili ndi muyezo wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime wotchedwa MS 733. Muyezo umenewu umalola aseniki kufika mamaikulogalamu 50, kasanu kuposa wa WHO. Choncho musakhutire ndi mawu akuti madzi apambana. Pemphani kuti muone nambala yeniyeni. Onani ngati papepalapo pali aseniki, fluoride, chitsulo, mchere ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Kaya mjigowo wabwera ndi boma, bungwe, mpingo, mzikiti kapena munthu wakufuna kwabwino, kufunsa pepala si mwano. Safunsa anadya phula. Pepalalo likhale m'buku la komiti, lina lipite ku ofesi ya zamadzi.

Chachiwiri, madzi a pansi amasintha. Madzi osefukira, monga amene tinaona ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amalowetsa pansi matope, ndowe ndi zonyansa za m'zimbudzi zogumuka. Mjigo umene unamira uyenera kutsukidwa ndi kolorini ndi kuyezedwanso. Mukaona kuti mtundu, fungo kapena kakomedwe ka madzi kasintha, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kapena makaniko wa dera lanu msanga. Chimodzimodzi pamene paikidwa mpope wa mphamvu ya dzuwa wothirira dimba lalikulu pafupi ndi mjigo wakumwa, chifukwa kupopa kwambiri kungakoke madzi a pamwamba kuwalowetsa pansi.

Chachitatu, tisamale pozungulira mjigo. Chimbudzi, khola, dzala ndi manda zitalikirane ndi mjigo mamita osachepera 30, ndipo zikhale kumunsi kwake. Simenti yozungulira mpope ikang'aluka, ikonzedwe mvula isanagwe. Ngalande ifike ku dzenje la miyala, madzi asadikhe pamutu pa mjigo, ziweto zisamwere pomwepo. Malangizo awa takhala tikuwamva chifukwa cha kolera, ndipo chifukwa chimenecho ndicho chachikulu. Lero tadziwa chifukwa chachiwiri: zowola zolowa pansi zimatha mpweya ndipo ndi chakudya cha mabakiteriya aja.

Chachinayi, kwa alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a zipembedzo. Mukaona munthu wa zikhatho zouma ndi zinjerenjere zosachira, kapena mawanga achilendo pachifuwa ndi pamsana, makamaka ngati ali angapo omwa pamjigo umodzi, mulimbikitseni kupita kuchipatala, ndipo lembani mjigo umene amatungapo. Matenda a pakhungu ali ndi zoyambitsa zambiri, ndipo woweruza ndi dokotala. Koma tisathamangire kunena za ufiti kapena kusala munthu. Matenda a aseniki sapatsirana.

Chachisanu ndi cha ndalama. Makomiti ambiri amatolera zopereka za mwezi ndi mwezi zogulira marabala ndi ndodo za mpope wa Afridev. Ndikupempha kuti pokambirana za thumba limeneli muganizirenso za mtengo wotumizira madzi kokayezedwa. Makomiti angapo oyandikana angathe kugwirizana kuti madzi awo atengedwe pa ulendo umodzi. Inu a komiti ya chitukuko, pamene mukusonkhanitsa zofuna za midzi kuti zilowe m'dongosolo la chitukuko la boma lino, lembani kuyeza madzi pambali pa kukumba mijigo. Chimene sichinalembedwe m'dongosolo sichipeza ndalama.

Kwa ine ndekha, ndasintha kalembedwe kanga. Ndikapita kukalemba za mjigo watsopano, sindingofunsa kuti wadya ndalama zingati ndipo uthandiza mabanja angati. Ndimafunsanso kuti madzi ake anayezedwa liti, anayeza ndani, ndipo anapeza chiyani, kuti yankholo lilowe m'nkhani imene mudzawerenge m'kalata yathu ya chitukuko.

Mayi uja ndinabwerera kukamuyankha. Ndinamuuza kuti palibe amene amadetsa madzi ake usiku, ndi chitsulo chochokera pansi, ndipo kuti azipitiriza kutunga pamjigo pomwepo pamene komiti yawo ikupempha kuti madziwo ayezedwe. Anandiyang'ana nati, "Ndiye mwati zaka zonsezi takhala tikumwa osadziwa chimene chilimo?" Ndinavomera. Ndikupempha kuti mukabwerera kumudzi, komiti iliyonse ikatsegule buku lake ione ngati pepala la zotsatira lilimo. Ngati mulibe, mukadziwitse ofesi ya zamadzi kudzera kwa mlangizi wanu, kuti tidziwe mijigo imene tiyambire.